Sitima yafika, koma katundu sanafike: liwiro la madoko m'masewero a nkhondo ya panyanja

Sitima 12 zonyamula katundu zinanyamuka ku San Francisco zitadzaza mpaka m'khosi. Ndinazipatsa sitima zankhondo zoziperekeza, ndinazidutsitsa kutali ndi zilumba zimene adani anali atalanda, ndipo patatha milungu itatu zonse zinafika bwinobwino pa Luganville, pachilumba cha Espiritu Santo. Mtima wanga unakhala pansi. Asilikali anga kumeneko anali atatsala pang'ono kugona ndi njala, ndipo ndinkati mavuto awo atha.

Zonsezi zinkachitika pa kompyuta, m'masewero otchedwa War in the Pacific: Admiral's Edition, amene kampani ya Matrix Games inatulutsa mu 2009. Masewerowa amatenga nkhondo yonse ya pa nyanja ya Pacific kuyambira pa 7 December 1941 n'kuiika m'manja mwa wosewera, tsiku ndi tsiku, sitima ndi sitima. Mapu ake anawagawa m'timabokosi ta makona 6, kalikonse kotalika mamailosi 40 a panyanja. Ukalamula zonse zimene ukufuna, umadina batani, kenako umangopenya tsiku likudutsa, usiku kaye kenako usana.

Ndinadina. M'mawa mwake ndinatsegula kuti ndione katundu amene watsika, ndipo nambala inali itangosuntha pang'ono. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Sitima zonse 12 zinali zili pomwepo, zitaponya anangula, zolemera ngati mmene zinabwerera. Tsiku lachinayi ndege ya adani yozonda inadutsa pamwamba. Tsiku lachisanu ndi chimodzi kunabwera ndege zoponya mabomba kuchokera pa sitima zonyamula ndege za Japan, ndipo sitima 7 zinamira pamodzi ndi chakudya ndi zipolopolo, gombe likuoneka poteropo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Katundu amene ali m'mimba mwa sitima ndi fodya wa pachala, ngakhale sitimayo itaima pakhomo penipeni pa doko.

Chimene sindinachione ndi kanambala kamodzi kolembedwa pambali pa dzina la malowo, kukula kwa doko. M'masewerowa doko lililonse lili ndi mlingo wake, kuyambira pa 0, kutanthauza gombe lopanda kanthu, kukwera mpaka madoko akuluakulu monga San Francisco. Ndipo mlingo umenewu sulamulira chinthu chimodzi chokha. Umanena kukula kwa sitima imene ingathe kukocheza, umanena kuti zonse zokocheza nthawi imodzi zisapitirire matani angati, umanenanso kuchuluka kwa katundu amene doko lonselo lingathe kupakira kapena kutsitsa pa tsiku. Doko la mlingo 1 limalandira matani 6,000 okha basi. La mlingo 2 limalandira matani 12,000 onse pamodzi, koma sitima imodzi isapose matani 9,000. La mlingo 3 limafika pa 24,000. Ine ndinatumiza mdipiti wa sitima zikuluzikulu pa doko la mlingo 1. Zonse pamodzi sizikanakwana, ndipo popeza ndinaziika m'gulu limodzi, palibe ndi imodzi yomwe imene inakocheza. Zonse zinkatsitsira pa madzi.

Kusiyana kwa kukocheza ndi kutsitsira pa madzi ndiye phata la nkhaniyi, ndipo amene anakwerapo Ilala sangavutike kukumvetsa. Pa Monkey Bay sitima imagunda pa jete, anthu n'kumayenda ndi miyendo yawo, matumba n'kumatsika molunjika. Koma pa Usisya kapena pa Ruarwe imaima kutali ndi gombe, n'kutsitsa maboti ake. Thumba lililonse la chimanga limagwiridwa kangapo: kulichotsa m'sitima, kulilandira m'boti limene likuvina ndi mafunde, kuyenda nalo, kenako munthu n'kulisenza madzi ali m'chiuno. Boti likapita ligombe liyenera kubwerera lopanda kanthu, ndipo nthawi yonseyo amene ali pamwamba akungodikira. Mwera ukawomba ntchito imaima. Tsono m'malo mwa matumba ikanipo galimoto zankhondo, mizinga ndi migolo ya mafuta a ndege, ndiye mwaona zimene sitima zanga zinkachita pa Luganville.

Chifukwa chake doko limene lili pamapu si malo ongofikirapo. Lili ngati chigayo chimodzi m'mudzi wonse. Mungabweretse matumba 100 nthawi imodzi, koma chigayo chigaya pa liwiro lake lomwelo, ndipo amene wabwera ndi ngolo yodzaza sapindula kanthu kuposa kutalikitsa mzere. Kusiyana kwake n'kwakuti pa chigayo palibe amene amakuponyerani bomba mukudikira.

Kodi opanga masewerowa anangofuna kutizunza? Ayi ndithu. Zimene anaika m'nambalazi zinachitikadi, ndipo zinali zoopsa kuposa pamenepa.

Tiyambe ndi sitimayo. Sitima yonyamula katundu yodziwika kwambiri pa nkhondo imeneyi inali ya mtundu wa Liberty. Dziko la America linapanga 2,710 zoterezi. Iliyonse inkanyamula katundu wokwana matani pafupifupi 10,000 m'zipinda zisanu zakuya, ndipo chipinda chilichonse chinali ndi pakamwa pake pamwamba. Nthawi imeneyo kunalibe makontena. Mabokosi, matumba, migolo ndi mitolo ya mawaya zinkasanjidwa ndi manja. Potsitsa, anthu ankalowa pansi m'chipindamo, kukokera katundu pakati, kumuika mu ukonde wa zingwe, makina n'kuukweza, n'kuutembenuzira kunja, n'kuutsitsa, ena n'kumasula. Ukonde umodzi, kenako wina, kenako wina. Pakamwa pamodzi pamadutsa ukonde umodzi pa nthawi imodzi, ngakhale mutaikapo anthu 200.

Tiwerengere limodzi. Tinene kuti pakamwa palinse pakudutsa matani 10 pa ola. Pakamwa pasanu ndiye matani 50 pa ola. Kuti matani 10,000 athe pafunika maola 200, amene ndi masiku oposa 8, ndipo apo ndiye kuti ntchito sinaime usiku, mvula sinagwe, chingwe sichinaduke, palibe amene anatopa. Pomwe mu November 1942 ku Richmond, ku California, anamanga sitima ya Liberty yotchedwa Robert E. Peary m'masiku 4 ndi maola 15. Inde, imeneyo inali yoonetsera, zinzake zinkatenga milungu ingapo. Komabe tangoganizani: sitima yathunthu inamangidwa mofulumira kuposa mmene sitima yotero ikanatsitsira katundu wake.

Ndiye pali malire awiri amene amayendera limodzi, ndipo osewera ambiri amasokoneza awiriwa. Pali malire a sitima, kuti iyo payokha ingatulutse zochuluka bwanji pa tsiku, ndipo pali malire a doko, kuti lonse lingalandire zochuluka bwanji. Sitima imodzi pa doko lalikulu imachedwa ndi pakamwa pake. Sitima 20 pa doko laling'ono zimachedwa ndi doko. Amene wamvetsa kuti ndi malire ati amene akumugwira mwendo pa nthawi imeneyo ndi amene amadziwa chochita, kuwonjezera sitima kapena kuzichepetsa.

Pali chinthu chinanso chimene chinanditengera nthawi kuti ndichitulukire. M'masewerowa sitima iliyonse ili ndi mphamvu zogwirira ntchito zowerengeka pa theka lililonse la tsiku. Ikafika pa doko n'kuyamba kumwa mafuta, mphamvuzo zimathera pa mafutawo, ndipo katundu sasuntha mpaka nthawi ina. Kangapo konse ndinkadabwa kuti gulu langa lagona pa doko lalikulu osapakira kanthu, osadziwa kuti linali pa mzere wa mafuta. Ngati mafuta ali okwanira ulendo wobwerera, ndi bwino kuliletsa gululo kumwa, lipakire kaye.

Koma nkhani imene imaonetsa zonsezi poyera ndi ya Guadalcanal, chimodzi mwa zilumba za Solomon, ndipo ndikufuna tikhalepo pang'ono.

Vuto linayamba asilikali asanaone n'komwe chilumbacho. Gulu la asilikali a America la 1st Marine Division, lotsogoleredwa ndi Alexander Vandegrift, linafika ku Wellington, ku New Zealand, pakati pa 1942, likuyembekeza miyezi ingapo yokonzekera. Mwadzidzidzi linauzidwa kuti likalande Guadalcanal ndi kachilumba koyandikana nacho ka Tulagi m'manja mwa a Japan. Sitima zawo zinali zitapakiridwa mwa malonda, kutanthauza kuti katundu anasanjidwa kuti alowe wambiri, zolemera pansi, zopepuka pamwamba, mpata uliwonse wotsekedwa. Kupakira kwa nkhondo n'kosiyana. Chimene chidzafunike poyamba chimalowa pomaliza kuti chikhale pamwamba, ndipo gulu lililonse limayenda ndi zida zake m'sitima yomweyo. Kupakira kotere kumawononga malo ambiri, koma kupanda kutero msilikali amatsika ndi mfuti pomwe zipolopolo zake zili pansi pa matani 1,000 a matenti.

Choncho mu July 1942, m'nyengo yozizira ya kumeneko, pa Aotea Quay anatsitsa zonse n'kuyambanso kupakira. Panali kusamvana ndi ogwira ntchito pa doko, moti asilikali eni ake ndi amene anagwira ntchitoyo usana ndi usiku mosinthana. Mvula inkagwa osaleka. Makatoni ananyowa n'kuphulika, chakudya n'kusanduka phala pansi pa mapazi ndi matayala. Nthawi itawathera, anasiya zinthu zambiri, kuphatikizapo galimoto zikuluzikulu, ndipo ananyamuka pa 22 July ndi chakudya cha masiku 60 ndi zipolopolo za masiku 10 a nkhondo yoopsa.

Pa 7 August asilikali pafupifupi 11,000 anatsika pa Guadalcanal popanda wowaletsa. Anthu anatsika mofulumira, pakuti munthu ali ndi miyendo. Katundu alibe. Maboti ankabwera ndi mabokosi n'kuwasiya pamchenga, koma amene anapatsidwa ntchito yowachotsa pamenepo anali mazana ochepa chabe. Mabokosi anaunjikana mpaka m'madzi, maboti ena n'kumazungulira kusowa pogunda, mpaka apagombe anapempha kuti kutsitsa kuyambe kwaima. Ndege za Japan zochokera ku Rabaul zikamabwera, sitima zinkazula anangula n'kumathawathawa, maola n'kumapita. Pa 8 August sitima ya George F. Elliott inagwidwa moto. Madzulo a tsiku lomwelo Frank Jack Fletcher, mkulu wa asilikali apamadzi a America kumeneko, anachotsa sitima zake zonyamula ndege, zimene zinkateteza onsewo. Usiku wake, pafupi ndi chilumba cha Savo, sitima za Japan zinamiza sitima zankhondo zikuluzikulu zinayi: Canberra, Astoria, Quincy ndi Vincennes. Pa 9 August Richmond Kelly Turner, amene ankatsogolera ntchito yotsitsayo, ananyamuka ndi sitima zonyamula katundu, zambiri zisanamalize kutsitsa.

Asilikali amene anatsala anayamba kudya kawiri pa tsiku, ndipo mbali ina ya chakudyacho unali mpunga umene a Japan anasiya pothawa. Bwalo la ndege, limene analitcha Henderson Field, analimaliza ndi zipangizo za adani awo, pakuti zawo zinabwerera ndi sitima. Ndege zoyamba zomenya nkhondo zinatera pa 20 August. Gulu lonse lija linapulumukira pa kabowo ka singano, ndipo chimene chinatsala pang'ono kulipha si mfuti ya mdani koma gombe limene silinkatha kumeza katundu.

Masewero aja amayesetsa kutsanzira zimenezi pogawa magulu a sitima m'mitundu iwiri. Gulu limene amalitcha Transport limanyamula zambiri koma limafuna doko. Gulu la Amphibious limanyamula zochepa pa sitima iliyonse koma limatha kutsitsa pagombe lopanda kanthu, ngakhale pamene pali adani. Ndipo m'gulu lachiwirili mtundu wa sitima ndi umene umanena zonse. Sitima wamba yamalonda imene yangolembedwa ntchito ya nkhondo imatsitsa pang'onopang'ono, pomwe zimene zinapangidwira ntchito imeneyi, za APA ndi AKA, zimene zinkanyamula maboti awoawo ambiri, zimakhuthula mofulumira kwambiri. Sitima ya mtundu wa LST ndiye inabwera kudzathetsa mkangano: imakwera pamchenga, n'kutsegula zitseko za kumphuno, galimoto n'kutuluka zokha zitasenza kale katundu. Pamenepo palibe ukonde, palibe boti. N'chifukwa chake amene akusewera mbali ya America amaona ngati nkhondo yasintha nkhope zombozi zikayamba kufika mu 1943. Mbali ya Japan nayo imapatsidwa mwayi wapadera wotsitsa mofulumira m'miyezi yoyambirira, mpaka kumapeto kwa March 1942, potsanzira kukonzekera kumene anali nako poyamba. Mwayiwo ukatha, wosewera amene anazolowera kulanda zilumba ngati akuthyola mango amadzidzimuka.

Pagombe lopanda doko nzeru imatembenuka. Pamene pa doko laling'ono sitima zambiri zimangopanikizana, pagombe sitima iliyonse imatsitsa ndi maboti ake, ndiye kuli bwino kugawa gulu la asilikali m'sitima zambiri, iliyonse itanyamula pang'ono, kuti onse atsike tsiku limodzi. Ndipo popeza anthu ndi amene amayamba kutsika, chakudya ndi zipolopolo n'kubwera pambuyo, wosewera wochenjera amaonjezera sitima zingapo zimene zanyamula katundu yekhayekha, kuti naye ayambe kutsika ola loyamba lomwelo. Ine ndinaphunzira zimenezi nditaona asilikali anga atatsika onse bwino, koma m'mawa mwake akumenyana opanda chipolopolo.

A Japan anakumana ndi zomwezo pa Guadalcanal, koma kwa iwo zinafika poipa zedi. Henderson Field itayamba kugwira ntchito, sitima iliyonse yoyenda pang'onopang'ono imene dzuwa laitulukira pafupi ndi chilumbacho inali pangozi. Anayamba kugwiritsa ntchito sitima zankhondo zocheperapo koma zaliwiro zotchedwa ma destroyer, zimene zinkathamanga usiku, kutsitsa, n'kuthawa kusanache. A America anautcha ulendo umenewu Tokyo Express. Koma destroyer si sitima ya katundu. Imanyamula anthu ochepa ndi zimene angasenze, mizinga ikuluikulu ayi, ndipo imamwa mafuta ambiri. Mu November 1942 anayesa njira yeniyeni: sitima 11 zonyamula katundu, motsogoleredwa ndi Tanaka Raizo. Ndege zinamiza 6 m'njira, ina n'kubwerera itavulala. Zinayi zotsalazo anazikwezera dala pamchenga ku Tassafaronga m'bandakucha wa pa 15 November, poganiza kuti sitima imene yakhala kale pansi singamire. Kutacha zinatenthedwa pomwepo. Anthu pafupifupi 2,000 anatsika, koma katundu amene anapulumuka anali wochepa kwambiri.

Kenako anafika poika mpunga m'migolo, kuimanga pa chingwe chimodzi, n'kuiponya m'madzi kuti a pagombe aikoke. Usiku wa pa 3 December anaponya migolo 1,500, ndipo imene inafika pamtunda inali 310 yokha. Yotsalayo ndege zinaiboola ndi zipolopolo kutacha. Asilikali a Japan anachitcha chilumbacho chilumba cha njala, ndipo ambiri anafa ndi njala ndi malungo kuposa amene anaphedwa ndi mfuti. Mu February 1943 otsalawo anachotsedwa.

Wina anganene kuti zimenezo ndi za pagombe, doko lenileni likapezeka mavuto atha. Noumea, ku New Caledonia, inali likulu la nkhondo yonse ya kum'mwera kwa Pacific, ndipo inali ndi malo abwino oimapo sitima. Koma malo okochezapo anali owerengeka, makireni ochepa, maboti onyamulira katundu ochepa, galimoto zochepa, nyumba zosungiramo zochepa. Kumapeto kwa 1942 sitima zoposa 80 zinkapezeka zitaima m'dokomo nthawi imodzi, zina kwa milungu yambiri. Zina zinkafika popanda mapepala omveka onena zimene zanyamula. Anthu ankatsegula sitima kufunafuna chinthu chimodzi chofunika mwamsanga, n'kuisiya ina yonseyo kuti idikire, moti sitima zinasanduka nkhokwe zoyandama. Apa m'pamene kuchedwa kwa doko kumaluma kawiri. Katundu sakufika kwa amene akumufuna, ndipo sitima imene yaima mwezi wathunthu ndi sitima imene ikanapita ku America n'kuyamba ulendo wina. Dziko limene linkamanga sitima usana ndi usiku linkazitaya popanda mdani kuombera.

M'masewero, mankhwala a vuto limeneli ndi omwewo amene akuluakulu a nkhondo anapeza. Mdipiti waukulu umapita ku madoko akuluakulu, Pearl Harbor, Sydney, Auckland. Kuchokera kumeneko timagulu ting'onoting'ono, sitima imodzi kapena ziwiri zimene zingakwane pa jete, n'tomwe timapita kutsogolo, kutsitsa, n'kuchoka ndege yozonda isanabwerenso. Ndipo sitima yoyamba kufika pamalo atsopano siyenera kunyamula mizinga. Iyenera kunyamula amisiri omanga, anthu ngati a Seabees amene ankamanga majete ndi mabwalo a ndege, pamodzi ndi magulu amene masewerowa amawatcha naval support, amene amaonjezera liwiro la kupakira ndi kutsitsa ngakhale doko lili laling'ono. Malo alionse ali ndi mlingo umene chilengedwe chinawapatsa, ndipo ungathe kumanga kupitirira pamenepo ndi masitepe atatu, koma ntchito yake imakula kwambiri. Pali zida zina zolemera, monga radar ndi mizinga ikuluikulu ya m'mphepete mwa nyanja, zimene zimakaniratu kutsika pa doko laling'ono. Sitima imatsitsa zina zonse, n'kutsala ndi chinthu chimodzi m'mimba, n'kumangokhala. Ndipo ngakhale utakwanitsa kutsitsa zonse, malo aang'ono sasunga katundu wambiri, wopitirira muyeso amaonongeka pang'onopang'ono ngati chimanga chosiyidwa pamvula. Mdani naye amadziwa zonsezi. Akaphulitsa doko lako, liwiro lake limatsika, amisiri n'kusiya kumanga kuti akonze kaye.

Ku Ulaya nkhani inali yomweyi, kungoti manambala anali aakulu. Polowa ku Normandy, ku France, mu June 1944, a Britain ndi America anadziwa kuti sapeza doko msanga, ndiye anabwera ndi madoko awo awiri ochita kukoka pamadzi, otchedwa Mulberry. Namondwe wa pa 19 mpaka 22 June anaphwanya la pagombe la Omaha, la ku Arromanches n'kutsala. Doko la Cherbourg analilanda kumapeto kwa mwezi womwewo, koma a Germany anali ataliwononga mwaluso. Doko la Antwerp, ku Belgium, analipeza pa 4 September lili labwinobwino, makireni ali chilili, koma mtsinje wa Scheldt wolowera kumeneko unali m'manja mwa adani ndiponso wodzaza mabomba a m'madzi. Sitima zoyamba zinalowa pa 28 November, patatha masiku 85, ndipo nthawi yonseyo magulu ankhondo ankalimbirana mafuta.

Nanga masewerowa amalondola pati, ndipo amaphonya pati? Osewera ena amadandaula kuti madoko amachedwa mopitirira. Ine ndimaona kuti masewerowa ndi ofatsa kuposa moyo. Pa doko lalikulu sitima imakhuthulidwa m'masiku ochepa, pomwe kuwerengera kwathu kuja kwatipatsa masiku oposa 8. Koma chifundo chachikulu chili pa katundu weniweniyo. M'masewero, kupatula mafuta ndi zipangizo za m'mafakitale, pafupifupi chilichonse chimene msilikali amafuna ndi nambala imodzi yotchedwa supply. Tani imodzi ikatsika imasanduka chimene chikufunika, mpunga kwa wanjala, zipolopolo kwa womenyana, simenti kwa womanga. Palibe bokosi lolembedwa molakwika. Palibe tsiku limene matayala afika koma galimoto zake zili m'sitima ina. Ndipo katundu akangodutsa pa jete amawerengedwa kuti wafika, pomwe pa doko lenileni ntchito yomuchotsa pa jetepo ndi theka lina la nkhondo: popanda galimoto, njanji ndi posungira, jete imadzaza, kireni n'kusowa poika ukonde wotsatira, ngati mmene zinalili pamchenga wa Guadalcanal. Sindiwaimba mlandu opanga masewero pa zimenezi. Akanaika bokosi lililonse, palibe amene akanamaliza ngakhale mlungu umodzi wa nkhondo.

Chimene chimandikhudza kwambiri n'china. Nambala ya liwiro la doko ndi misana ya anthu, ndipo pa kompyuta misanayo sioneka. Matani 10 pa ola amene tinawerengera aja sindinawatole m'mutu. Ndiwo muyeso umene akuluakulu a pa Port Chicago, pafupi ndi San Francisco, ankafuna kuti pakamwa palinse pa sitima pazidutsa, ndipo katundu wake anali mabomba. Amene ankasenza anali asilikali apamadzi achikuda, oyang'aniridwa ndi azungu, ndipo sanaphunzitsidwe mokwanira za kagwiridwe ka zinthu zophulika. Matani a gulu lililonse ankalembedwa pa bolodi kuti onse aone amene akutsalira, ndipo oyang'anira ena ankabetcherana kuti gulu la ndani lipakira zambiri. Usiku wa pa 17 July 1944, akupakira sitima ya Liberty yotchedwa E. A. Bryan, ina yotchedwa Quinault Victory ili pambali, zonse zinaphulika. Anthu 320 anafa nthawi yomweyo, ndipo 202 mwa iwo anali achikuda. Patangopita milungu itatu, otsala anauzidwa kuti akapitirize ntchito yomweyo mwa njira yomweyo. Anthu 258 anakana, ndipo 50 anaweruzidwa kuti ndi oukira. Gulu lankhondo la pamadzi la America linawachotsera mlanduwo mu 2024, patatha zaka 80, onse 50 aja atamwalira kale.

Ndimakumbukira anthu amenewa ndikamadina batani lolamula kuti gulu lipakire. Pa sikirini pamangooneka nambala ikukwera, 2,000, kenako 5,000, ndipo ndikaona kuti ikuchedwa dzanja limayabwa kufuna kuikankha.

Ntchito imeneyi inasinthiratu nkhondo itatha. Pa 26 April 1956 sitima ya Ideal X inanyamuka ku Newark kupita ku Houston ndi makontena 58, maganizo a Malcom McLean, ndipo m'zaka zotsatira ukonde ndi magulu a anthu olowa m'zipinda zinayamba kutha. Sitima ya lero imatsitsa m'tsiku limodzi kapena awiri katundu woposa amene Liberty inkatsitsa m'milungu. Koma liwiro limenelo lili m'makireni a pa doko, si m'sitima ayi. Sitima zambiri za makontena zilibe kireni yawoyawo, moti pagombe lopanda kanthu Liberty yakale ija ingaziposa. Mu 1982 a Britain anazionanso pa nkhondo yawo ndi Argentina ku zilumba za Falklands, kumene kunalibe doko loti n'kudalira. Pa 8 June sitima ya Sir Galahad inaima pa Fitzroy masana, asilikali akadali m'kati kudikira maboti, ndege za Argentina n'kuipeza pomwepo. Anthu 48 anafa.

Nditabwereranso ku Luganville m'masewero ena, sindinatumize sitima 12. Ndinatumiza kasitima kamodzi ka matani osakwana 6,000, kali ndi amisiri omanga ndi chakudya chawo cha mwezi umodzi. Kanakocheza usiku, kanatsitsa, ndipo tsiku lachitatu kanali kali m'njira yobwerera ku Noumea kukatenga ena. Mdipiti waukulu unadikira ku Auckland milungu 6, mpaka doko litafika pa mlingo 3, ndipo unabwera sitima zitatuzitatu.